Ufa wotsalira m'chipaipi

Ntchito yanga yoyamba inali ya pachigayo. Munali mu 2016, ndili ndi zaka 17, nditangomaliza kulemba mayeso a MSCE, pamalo ena ochitira malonda m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Balaka. Malowo sindiwatchula chifukwa eni chigayocho akadali moyo ndipo ana awo ali pa Facebook.

Tikamacheza za ntchito yoyamba, anzanga ambiri amanena zofanana: kulawirira, kusunga ndalama, kusabweza mawu kwa bwana. Zimenezo ndinaziphunzira ndithu, koma ndikanaziphunziranso ndikanakhala kondakitala kapena wogulitsa m'golosale. Chimene chakana kuchoka m'mutu mwanga ndi kaufa kamene kamakanirira m'chipaipi munthu akamaliza kugaitsa, komanso bambo wina wamwano amene ankasankha kuti kaufako kagwere m'chotengera cha yani.

## Malume ndi amene anakamba zonse

Ine sindinafunsire ntchito. Malume anangofika kunyumba madzulo ena n'kundipeza ndagona pamphasa pakhonde, foni ili kumaso.

"Iwe mphwanga, a Maneb akutumizira ufa kodi? Mawa uvale zakutha, tipitire limodzi."

Mayi anga sananene kanthu. Kwathu zikatero ndiye kuti nkhani inakambidwa kale iwe kulibe.

Kumeneko malume ndi bwana anagwirizana za malipiro anga ine nditaima poteropo, manja kumbuyo. Palibe pepala lomwe linasainidwa. Patapita zaka ndi pomwe ndinadzamva kuti lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kwa amene sanafike zaka 18 limaletsa ntchito zoika thanzi lawo pachiswe. Mukamva za fumbi lake muweruze nokha ngati chigayo chili m'gulu limenelo. Tsiku limenelo palibe anaganizako, ngakhale ine amene. Ndinkangowerengera nsapato.

## Nsidze mbuu

Bwana ankangobwera madzulo kudzatenga ndalama. Woyendetsa makina anali bambo wachikulire, woonda, amene aliyense ankangowatchula kuti Madala, ngakhale bwana yemwe. Ine ndinali wa zonse zotsala: kuyeza chimanga pandowa, kulandira ndalama, kukwezera azimayi matumba pothirira, kusesa, kutunga madzi owaza chimanga chokonola, ndi kuthamangira fodya wa Madala.

M'nyumbamo munali makina awiri. Chokonolera chimasupula madeya n'kusiya mphale. Chigayo chenichenicho chili ndi tinyundo tachitsulo m'kati, tozungulira mwaliwiro, tomwe timaphwanya chimanga mpaka chidutse m'timabowo ta sefa. Kenako mphepo imaukankha ufawo m'chipaipi kukwera m'mwamba, n'kukatsikira m'chimgolo chachitsulo chosongokera pansi, chomwe kukamwa kwake kwamangidwa nsalu. Pansi pa nsaluyo ndi pomwe mayi amatchera beseni lake. Musaiwale chipaipi ndi chimgolocho, nkhani yonse ili pamenepo.

Mdani wa sefa ndi msomali. Kachitsulo kakangolowa, kulira kwa makina kumasintha, ndipo ukachedwa kuzimitsa sefa imabooka, ufa n'kumatuluka wa miseremisere, mayi n'kuyamba kukulalatira iwe wamng'onowe. Choncho ndinaphunzira kupisa manja m'chimanga cha eni ake ndisanathire. Ndinkapezamo misomali, mabatani, timiyala, makobidi, ndipo tsiku lina supuni yathunthu.

Pofika masana nsidze, tsitsi, m'mphuno, zonse zinkakhala mbuu. Atsikana amene ndinkaphunzira nawo akabwera kudzagaitsa ndinkanamizira kusesa kuseri. Usiku ukagona makutu ankangolira okha, ndipo kachifuwa kouma sikankachoka. Madala ankamva khutu limodzi, lakumanzere. Ankakuwa polankhula ngakhale makina atazima, ndipo mwina theka la mbiri yawo ya mwano linachokera pamenepo. Theka linalo linali mwano weniweni.

## Babu ndi limene linkatidzutsa

Amene munali kuno mu 2016 mukukumbukira. Madzi a m'nyanja anatsika, Shire inachepa mphamvu, ndipo ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira makina sankapanga magetsi okwanira. Ife a ku Balaka sitinkachita kumvera pawailesi, ukapita ku Liwonde unkadzionera wekha pamlatho. Magetsi ankatha kuzima m'mawa n'kudzayaka pakati pa usiku.

Basi ntchito inasanduka ya usiku. Tinkagona m'chigayo momwemo pamatumba, swichi titaisiya yoyatsa kuti babu litidzutse. Likangoti ng'ani, unkapeza Madala aimirira kale pamakina. Panja azimayi ankagona pakhonde atafunda zitenje. Ena ankasiya zotengera zawo pamzere, mwala pamwamba, n'kupita kunyumba, n'kudzathamanga akamva chigayo chikulira. Palibe ankadziwa kuti magetsiwo akhalitsa kapena ayi. N'chifukwa chake mzere sunali wamasewera. Kudumphitsa munthu kunali kuputa nkhondo, ndipo ndinaonapo azimayi opemphera mpingo umodzi akugwirana zitenje chifukwa cha beseni lomwe lasunthidwa.

## Njala imaonekera pazotengera

Chaka chimenecho mvula inadula mbewu zisanakhwime. Mu April Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi, ndipo anthu ofunika thandizo la chakudya anaposa 6 miliyoni. Chaka cham'mbuyo mwake, mu January 2015, kunali kusefukira kwa madzi, kotero nkhokwe zambiri zinali zitagona kawiri zopanda kanthu. Chakumapeto kwa chaka thumba la makilogalamu 50 linali pa K12,500 ku Admarc. Malipiro anga a mwezi wathunthu sankakwana thumba limenelo.

Munthu akhoza kubisa njala kutchalitchi, akhoza kuibisa pamaliro, koma pachigayo siibisika. Pamene ndinkayamba, ena ankabwerabe ndi matumba panjinga: kukonoletsa, kukaviika, kuyanika, kudzagaitsa ufa woyera. Pofika October chokonolera chinayamba kumakhala chete tsiku lonse. Kukonola kumataya zambiri, madeya apo, misere apo, zina zimapita ndi madzi oviikira, ndipo munthu wa ndowa imodzi sangalole zimenezo. Onse anabwerera ku mgaiwa, ngakhale mabanja amene kale ankati mgaiwa ndi wa kusukulu yogonera ndi kundende.

Kenako zotengera zinayamba kuchepa. Wa thumba anayamba kubwera ndi ndowa, wa ndowa ndi beseni, wa beseni ndi chigoba cha malita 5, ndipo ena anafika pa jumbo. Ena ankasakaniza makaka kapena mapira kuti uchulukeko. Madeya, amene kale ankagulidwa ndi oweta nkhumba ndi otcheza kachasu, anayamba kufunsidwa ndi azimayi, aliyense akuti ndi a nkhuku. Tinkayeza n'kupereka, osafunsa kuti nkhukuzo zili kuti.

Masiku olandira chimanga cha thandizo okha ndi amene chigayo chinkadzaza ngati kale. Koma ngakhale pamenepo unkaona kuti thumba lolembedwa dzina la banja limodzi lafika litagawidwa kale m'mabeseni angapo. Mudzi unkagawana kumudzi komweko, kaya olemba maina afune kaya asafune.

## Mayi wa kajumbo kakuda

Usiku wina chakumapeto kwa November, kukutentha monga mukudziwira Balaka, magetsi anayaka cha m'ma 1 koloko. Pamzere panali mayi wina wachitsikana, mwana kumbuyo, atanyamula kajumbo kakuda ka chimanga. Sikankakwana ngakhale theka la chigoba. Kankachita kuonekeratu kuti ndi malipiro a ganyu wa tsiku limenelo. Anali wachitatu pamzere, ndipo anafika dzuwa lisanalowe.

Woyamba anagaitsa ndowa yake. Atamaliza anatola kamtengo komwe tinkasiya pafupi n'kuyamba kugogoda chimgolo, kukutumula nsalu, kugogodanso, mpaka osagwa kanthu. Umo ndi mmene azimayi onse ankachitira chaka chimenecho. Wachiwiri chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Mayi wa kajumbo atasendera, ine nditatambasula kale dzanja kuti ndilandire, Madala anakuwa.

"Inu mayi, bwererani kaye uko! Tochepa chonchi tithere magetsi? Iwe, kweza matumba awo!"

Matumbawo anali a mnyamata wantchito wa palesitilanti ina ya pamsewu, amene anali chakumapeto kwenikweni kwa mzere. Azimayi anang'ung'udza. Wina anati, "Poti ndi a ndalama eti?" Wina anatsonya. Mayi uja sanayankhe. Anabwerera kukhoma, namasula mwana kumubweretsa kutsogolo kuti ayamwe.

Ine mtima unandiwawa. Ndinakweza matumbawo ndikutukwanira m'mimba, maso ali pababu, chifukwa likanazima nthawi imeneyo mayiyo akanagona ndi njala chimanga chili m'manja. Ndinaganizanso kuti mwina Madala alandira kangachepe kwa mnyamatayo. Zinali zotheka, ndinkawadziwa.

Matumba atatu a mgaiwa amatenga nthawi. Mnyamata uja ankasinza ataimirira. Ufa si wake, ndi wa abwana ake, ndipo m'mawa ankayenera kukoleza moto. Thumba lomaliza litangodzaza anamanga kukamwa, osagogoda ngakhale kamodzi, n'kuyamba kulikokera panja pomwe panali njinga.

Pomwepo Madala, osazimitsa makina, anakodola mayi uja.

"Fulumirani inu! Tcherani!"

Anandilanda kajumbo kaja nakhuthula okha. Chimangacho chinangolira pang'ono n'kutha. Kenako anatola kamtengo n'kumenya chimgolo mwamphamvu, kumenya chipaipi, kukwera pampando n'kumenya m'mwamba mopindika muja, momwe azimayi safikira.

Ufa unagwa. Unagwabe. Mayiyo anabwera ndi kabeseni kakang'ono kofanana ndi chimanga chake, ndipo kanadzaza mpaka anayamba kutchinga ndi manja m'mbali kuti usatayike. Anayang'ana ufawo, nayang'ana Madala.

"Bambo, koma uwu..."

"Chotsani msanga, mukuchedwetsa anzanu! Wotsatira!"

Analipira ndalama yake yonse. Madala sanamuchotsereko ngakhale tambala. Anakulunga kabeseni m'chitenje, nasenza, n'kumapita. Azimayi ena anamuperekeza ndi mawu achisoni, "Pepani mwanawe, akuchedwetsani," osaona chomwe chinali m'chitenjemo.

## Chigayo chimadya

Madala sanandifotokozere kalikonse, usiku umenewo ngakhale tsiku lina lililonse. Ndinachita kuzitolera ndekha poyang'ana, ndipo zinanditengera nthawi chifukwa ndinkayang'ana nkhope za anthu pomwe yankho linali m'zitsulo.

Chigayo chimadya. Ufa ukamadutsa, wina umamatirira m'makoma a chipaipi, m'chimgolo, pasefa, pansalu, wina umauluka. Ngati amene wakutsogolera wagogoda mpaka mwayera, ufa wako woyamba umapita kukamata makoma amenewo, ndipo kugogoda kwako sikufika paliponse kuti uubweze wonse. Muyezo womwe chigayo chimadya ndi umodzimodzi, kaya wabwera ndi matumba atatu, kaya kajumbo. Wa matumba sazindikira n'komwe. Wa kajumbo wataya nsima ya mwana mmodzi.

Madala ankadziwa amene amagogoda ndi amene sagogoda. Sagogoda ndi otumidwa: anyamata a m'malesitilanti, antchito a m'nyumba, mavenda othamangira msika, ana otumidwa ndi makolo opeza bwino. Akaona wa tochepa pamzere, ankamuika kumbuyo kwa otere. Koma kuti achite zimenezo ankayenera kusokoneza mzere, ndipo kusokoneza mzere kumafuna chifukwa choti anthu achikhulupirire. Chifukwa chomwe aliyense ankachikhulupirira msanga chinali choti wosauka akunyozedwa, poti zimenezo n'zozolowereka. Anthu ankang'ung'udza, koma sankadabwa.

Tangoganizani akanalengeza kuti akuthandiza. Mawa lake aliyense akanalimbirana malo a kumbuyo kwa mnyamata uja. Wa lesitilanti akanamva, n'kulamula mnyamata wake kuti azigogoda mpaka kuche. Bwana akanamva. Ndipo mayiyo akanatuluka ndi ufa limodzi ndi manyazi, mudzi wonse ukudziwa kuti akudya zotsalira za eni ake.

Si onse amene anapusitsika. Panali agogo ena amene anazitulukira. Ankafika ndi kambale kawo n'kukhala pakona, osalimbirana mzere, osadandaula, akudikira kukodoledwa. Madala ankawakalipirabe chimodzimodzi, "Gogo, inunso mwabwera ndi tomwe tija?" Agogowo ankayankha kuti, "Ee mwananga, tomwe tija," ndipo onse awiri osaseka.

## Usiku womwe zinakanika

Musawayese mngelo Madala. Ankamwa. Ankabisa madeya kuseri kwa chitseko kukasinthanitsa ndi botolo. Tindalama tomwe anthu ankandipatsa ndikawanyamulira katundu ankati tigawane chifukwa ndadziwika kudzera pamakina awo. Ndipo njira yawo ija inali juga, yoseweredwa ndi chakudya cha munthu wina.

Mu December zinachitika zomwe ndinkaopa. Anabweza mayi wina wa kachigoba, tinakweza matumba a wina, ndipo thumba lachiwiri lili m'kati magetsi anazima. Tinadikira. Kunacha. Mayiyo akanasiyidwa pamalo pake akanagaitsa kalekale n'kukaphikira ana. Anawatukwana Madala mawu oti sindingawalembe pano, ndipo anali ndi chifukwa. Iwo anangokhala pathumba akupichira fodya, khutu logontha ataliloza kwa mayiyo. Mayiyo sanabwerenso kwa ife. Ankayenda mtunda kupita kuchigayo cha dizilo, chomwe chinali chodula.

Ndinkayembekezera kuti pambuyo pa zimenezo asiya. Sanasiye. Anangosintha pang'ono: magetsi akakhala kuti ayaka kwa nthawi ndithu, sankabwezanso munthu, ankagaya mmene mzere ulili. Juga ankaisewera babu likangoyaka kumene.

## Kodi kunali kuba?

Nkhani imeneyi ndinadzaikamba ndi malume patapita zaka, tikuchokera kumaliro, ndipo sanachedwe kugamula.

"Ufa umenewo uli ndi mwini wake, mphwanga. Anagula chimanga ndi wa lesitilanti. Ukapatsa munthu chinthu cha eni, dzina lake ndi limodzi basi."

"Koma malume, kamtengo kanali pomwepo. Ndani anamuletsa mnyamatayo kugogoda?"

"Ndiye ukaiwala chikwama m'minibasi chimakhala cha kondakitala?"

Panalinso wina amene ankautenga ufawo ngati wake. Potseka, tinkagogoda makina onse, kusesa pansi, n'kuthira m'thumba la bwana, lomwe ankagulitsa kwa oweta ziweto. Chaka chimenecho bwana ankadandaula kuti thumbalo silikudzaza msanga. Madala ankayankha kuti anthu akugogoda kwambiri chifukwa cha njala, zomwe zinali zoona, kungoti si zonse.

Ine maganizo anga ndi awa. Ufa umenewo unali utasiyidwa kale, ndipo sukanabwereranso kulesitilanti zivute zitani. Ukanagwera aliyense wotsatira, kapena thumba la bwana. Madala sanapise dzanja m'thumba la munthu, anangosankha wotsatira. Pomwe mlandu ulipo ndi pamzere. Azimayi ena aja, amene anafika dzuwa lisanalowe, anadikiritsidwa matumba atatu popanda kufunsidwa, ndipo ena mwa iwo kunyumba kunalinso ana osadya. Analipira ndi tulo tawo komanso ndi mwayi wawo wa magetsi. Pamenepo sindingawaikire kumbuyo Madala.

Koma ndikaika zonse pasikelo, ndimakhalabe mbali yawo. Mzere wolungama, pamakina odya mofanana, mathero ake ndi oti wa kajumbo azitaya kwambiri kuposa aliyense, tsiku ndi tsiku, popanda munthu woti n'kumuloza chala. Onse atsata dongosolo, onse ndi oyera m'manja. Malume amakonda zimenezo chifukwa ndi munthu wa dongosolo, anagwirapo ntchito m'boma. Mpaka lero sitinagwirizane, ndipo akandiona ndabwera ndi shuga amafunsa ngati ndagula kapena ndagogoda.

## Za malipiro, mwachidule

Malipiro oyamba ndinakapereka kwa mayi onse, monga mwa mwambo, ndikuyembekezera kuti andibwezera ambiri. Anandibwezera ya sopo. Otsalawo anagulira chimanga, chomwe ndinakagaya ndekha, n'kulipiranso ndalama yogaitsira chifukwa bwana analibe za chibale. Nsapato zija ndinadzagula za pakaunjika kukuyandikira Khirisimasi.

Mu December momwemo ndi pomwe inatuluka K2,000 yoyamba, ya nkhope ya John Chilembwe. Venda wina anatilipira nayo usiku. Madala anaiyang'anitsitsa pababu, kuitembenuza, kuinunkhiza, kenako anaibweza n'kunena kuti abwere nayo masana bwana alipo. Zoona zake zinali zoti tinalibe chenji, chifukwa m'kachitini mwathu munkangokhala ma K20 ndi ma K50 ofewa ndi thukuta.

## Pakauntala

Masiku ano ndimagwira ntchito pakauntala ya ofesi ina mu Blantyre, komwe anthu amabwera ndi mafomu. Kulibe fumbi, koma chipaipi chija ndimachiona paliponse. Wotapa ndalama zochepa pafoni amadulidwa gawo lalikulu la ndalama yake kuposa wotapa zambiri. Wogula shuga wa pasupuni, mafuta a m'tichubu kapena ka walkman ka ufa amalipira zambiri pakilo kuposa wogula paketi kapena thumba. Kuofesi kwathu, fomu ikasowa fotokope imodzi munthu amauzidwa kuti abwere mawa. Kwa wokhala ku Namiwawa wa galimoto yake, mawa ndi mawa basi. Kwa mayi wochokera ku Chikwawa, mawa ndi thiransipoti ina yopita ndi yobwera, ndi tsiku lina la ganyu lotayika. Lamulo ndi limodzi, ndipo palibe wolakwa.

Malamulowo sindingawasinthe. Madala nawonso sakanatha kusintha makina kapena mtengo wogaitsira, koma anapeza kampata kakang'ono komwe munthu wa pansi pantchito amakhala nako, komwe bwana sakaona chifukwa sagona m'chigayo. Kanga n'kotere: ndimaona mapepala onse ulendo woyamba, osati kubweza munthu pa cholakwika choyamba kuti adzamve chachiwiri mawa. Ndimafunsa komwe munthu wachokera ndisananene mawu oti mawa. Fotokope imodzi ndimakapangira kuseri, osauza mzere wonse.

Kukuwa kuja sindinatengere, makutu anga ndi abwinobwino ndipo ndilibe chonamizira. Juga ijanso ndinaikana. Ndikaona kuti munthu zimuyendera bwino akadikira pang'ono, mwina kuti wosaina abwere kaye, ndimawerama n'kumufunsa chapansipansi, "Mayi, mukadikira pang'ono titha kumaliza lero lomwe. Mudikira?" Ena amakana chifukwa minibasi yomaliza ikuwathawa, ndipo ndi ufulu wawo. Mayi wa mu December uja sanafunsidwe.

## Mmene ndinachokera

Zotsatira za mayeso zinatuluka ndili pomwepo, nsidze mbuu, ndipo ndinachoka mu February 2017 nditapeza malo pasukulu ina m'tauni. Pamalipiro omaliza bwana anadulapo ya sefa yomwe inabooka mwezi wam'mbuyo, ngakhale msomaliwo unali wa kasitomala. Malume anati ndisalimbane nazo. Chaka chimenecho, ngakhale mbozi zinavuta m'minda, anthu anakolola, chimanga chinatsika mtengo, ndipo nditabwera patchuthi ndinamva chokonolera chikulira ndili kumsewu.

Chaka chatha ndinadutsako. Pamakina pali mnyamata wina. Madala anapuma, makutu onse awiri anagontha, ndipo ndinawapeza kunyumba akuluka lichero. Anandizindikira. Ndinakhala pafupi n'kuyamba kuwakuwira m'khutu nkhani ya ufa wa m'chipaipi, kuti ndinkaona zomwe ankachita, kuti ndimazikumbukira. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nkhope itakwinyika, kenako anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika.

"Ufa wanji? Ine ndilibe ngongole yako iwe! Ukafunse bwana!"

Akazi awo anaseka mpaka kugwira khoma. Ndinasiya ya fodya, ndipo anaiwerenga kawiri ine ndili pomwepo.